Masekondi 38 ndi feteleza wa amayi

Ligi ya mpira wa ku America ya NFL ili ndi matimu 32, ogawidwa m'mbali ziwiri, AFC ndi NFC, ndipo mbali iliyonse imatumiza matimu 7 okha ku ndime ya chipulula imene eni ake amati playoffs. Kuyambira mu 2021 timu iliyonse imasewera magemu 17 basi. Poti magemu ndi ochepa chonchi, palibe Lamulungu lopepuka. Timu ikagonja kamodzi mu Disembala, m'ndandanda wonse umagwedezeka, ndipo pofika Lolemba m'mawa anthu a pa wailesi amakhala atayamba kale kuwerengera: uyu akapambana, uyo n'kugonja, winayo n'kufanana mphamvu ndi mnzake, ndani alowa, ndani atsala?

Masamu amenewa ndi amene anandikopa. Ndimakhala ku South Bend, m'boma la Indiana, kumene kuli Amalawi ambiri, ndipo monga anzanga ambiri ndimagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba. Mpirawu anandiphunzitsa ndi agogo ena aamuna amene ndinkawasamalira, tikuonera pa TV ya pabalaza: timu imapatsidwa mipata inayi kuti iyende mayadi 10, touchdown ndi mapointi 6, kumenya mpira pakati pa mitengo (field goal) ndi mapointi 3. Ndinasankha kusapota Indianapolis Colts, timu ya boma limene ndikukhala. Kenaka ndinagula kope n'kuyamba kulembamo zotsatira za sabata iliyonse, pamodzi ndi malamulo olekanitsira matimu ofanana, akuti amayamba kuona amene anagonjetsa mnzake atakumana, kenaka zimene aliyense wachita ndi matimu a mbali yake. Anzanga a kuntchito, obadwira konkuno, anafika pomandifunsa ine kuti timu yawo ikufunika chiyani kuti ilowe. Zinkandikomera kwambiri. Mlendo akamafunsidwa za mwambo wa eni mudzi amamva kuti walandiridwa, ndipo ine ndinayamba kuganiza kuti poti ndikudziwa chimene chikufunika, ndiye kuti ndikudziwanso chimene chichitike.

Colts ya 2021 inayamba moipa. Inagonja magemu atatu oyambirira, ndipo pa magemu asanu inali itapambana imodzi yokha. Koma Jonathan Taylor atayamba kuthamanga nawo mpira zinthu zinasintha. Mu Novembala anamwetsa ma touchdown 5 pa gemu imodzi ku Buffalo, Colts n'kupambana 41-15. Inagonjetsa New England 27-17, pa Khirisimasi n'kukagonjetsa Arizona kwawo 22-16. Taylor anamaliza chakacho atathamanga ndi mpira mayadi 1,811, kuposa wina aliyense mu ligi. Kutatsala magemu awiri, Colts inkangofunika kupambana imodzi. Yoyamba inaitaya pakhomo pa 2 Januwale 2022, pamene Daniel Carlson wa Las Vegas Raiders anamenya field goal nthawi ikutha, 23-20. Sindinade nkhawa, chifukwa yotsala inali ya Jacksonville Jaguars.

Jaguars inali itapambana magemu 2 n'kugonja 14. Mphunzitsi wake, Urban Meyer, anali atachotsedwa ntchito mu Disembala chaka chake choyamba chisanathe. Sabata yapitayo New England inali itaikuntha 50-10. Ochemerera ake ena anabwera ku bwalo atavala ngati azisudzo oseketsa anthu posonyeza kukwiya ndi atsogoleri a timu yawo. Obetchetsa ankaika Colts patsogolo ndi pafupifupi ma touchdown awiri. Chinthu chimodzi chokha chinali chosayenda bwino, ndipo ndinali nditachilemba ndi dzanja langa m'kope muja: Colts inali isanapambanepo ku Jacksonville chiyambire 2014. Ndinachiwerenga, ndinachiganizira, n'kudziuza kuti zakale sizisewera mpira.

Tsopano ndinene za ndalama. Amalawi angapo kuno tili ndi chipereganyu, ndipo ine ndinapempha dala kuti ulendo wanga wolandira uzikhala mu Januwale, nthawi imene amayi ku Ntcheu amafuna feteleza wobereketsa. Mng'ono wanga anali atandiimbira kale kuti chimanga chafika m'mawondo, mvula ikugwa bwino, urea akufunika sabata yomweyo. Msungichuma wa gulu lathu anandipatsa ndalamayo Loweruka. Ndikanaitumiza tsiku lomwelo. Foni yotumizira ndalama ndi yomweyo yobetchera, chifukwa ku Indiana kubetcha pa masewero kunaloledwa mu 2019 ndipo munthu amabetcha atakhala pa mpando wake. Kale ndinkaikako timadola tochepa, sindinkaona ngati juga. Koma timu imene aliyense akuyembekezera kuti ipambana imalipira kakang'ono, choncho kuti upezepo kanthu uyenera kuikapo zambiri. Ndinaikapo zoposa theka. Mumtima ndinkati phindu lilipira mtengo wotumizira, mwinanso liwonjezera pa thumba lina, ndipo Lolemba ndalama ipita yochuluka kuposa imene ndalandira. Mkazi wanga anali pa shifiti. Sindinamuuze.

Gemu inayamba 1 koloko masana pa 9 Januwale. Trevor Lawrence, mnyamata wa chaka choyamba mu ligi amene anavutika nyengo yonse, anatsogolera Jaguars ku touchdown pa ulendo woyambirira womwe. Popita kokapuma zinali 13-3. Ndinkayembekezerabe kuti Taylor atsegula njira, koma anamutsekera paliponse. Carson Wentz, quarterback (woponya mpira) wa Colts, anagwetsedwa ka 6 asanaponye mpira, anautaya kamodzi m'manja, kwina n'kuuponyera mdani. Inatha 26-11. Nthawi yomweyo ku Baltimore, Pittsburgh Steelers ndi Ravens anapita ku nthawi yowonjezera, ndipo Chris Boswell anamenya field goal yopambanitsa Steelers 16-13. Apo Colts inatsekeredwa panja.

Pamenepa m'pamene ndinayenera kuima. Ndalama yotsala ikanagula feteleza wokwanira gawo lina la munda, ndipo ndikanapepesa kwa amayi ndi kwa mkazi wanga pa zimene zatayikazo. Koma ndinatsegulanso kope, ndipo masamu ake anali okongola kuposa onse amene ndinawawerengapo.

Kunatsala gemu imodzi, ya usiku, ku Allegiant Stadium mumzinda wa Las Vegas: Raiders ndi Los Angeles Chargers, onse atapambana 9 n'kugonja 7. Wopambana alowa, wogonja atsala, Steelers n'kulowa nawo. Koma Steelers inali itafanana mphamvu ndi Detroit Lions 16-16 mu Novembala, choncho inamaliza pa 9-7-1. Raiders ndi Chargers akanalepherana, onse atatu akanakhala pa 9-7-1, ndipo poti Raiders ndi Chargers anali atagonjetsapo Steelers chaka chomwecho, awiriwa akanalowa limodzi, Steelers n'kutsala. Ine wokulira pa mpira wa miyendo ndinkadziwa mmene matimu awiri amaseweretsera nthawi ngati kufanana mphamvu kukomera onse. Mu NFL kulepherana n'kosowa, chifukwa pamakhala mphindi 10 zowonjezera, ndiye obetchetsa amalipira kwambiri munthu akalosera molondola. Ndinawerengera n'kupeza kuti ndibweza zonse ndi kupitirira. Ndinaikapo yotsala yonse.

Panali zinthu ziwiri zimene ndinkazidziwa bwino koma sindinafune kuziyang'ana. Matimu awiriwa ndi adani akalekale a m'gulu limodzi la AFC West, ndipo palibe angasangalale kunyamula mnzake. Chachiwiri, kwa Raiders kupambana ndi kulepherana sikunali kofanana. Ikanalepherana ikanapita ku Kansas City, kwa timu imene inali itaikwapula 41-14 ndi 48-9 nyengo yomweyo. Ikapambana ipita ku Cincinnati.

Sanaseweretse nthawi ngakhale pang'ono. Anamenyana zenizeni. Brandon Staley, mphunzitsi wa Chargers, anafika poyesa mpata wachinayi ali pa mayadi 18 a mbali yake, n'kulephera. Mkati mwa chigawo chomaliza Raiders inkatsogola 29-14, ndipo ine ndinali nditazimitsa kale mawu a TV, nditagwira mutu.

Kenaka Justin Herbert, quarterback wa Chargers, anayamba zimene sindinazionepo. Pa mpata wachinayi, kukufunika mayadi 21, anaponyera Josh Palmer touchdown. Anawonjezera mapointi awiri, 29-22. Chargers inatenganso mpira kutatsala pafupifupi mphindi ziwiri, n'kuyenda bwalo lonse m'masewero 19, ikupulumuka mpata wachinayi mobwerezabwereza. Nthawi iliyonse mpira ukagwa pansi ndinkati zatha, nthawi iliyonse Herbert ankapeza munthu. Wotchi ikufika pa ziro anaponyera Mike Williams, Dustin Hopkins n'kumenya pointi yofananitsa, 29-29. Usiku umenewo Herbert anaponya mpira ka 64. Ndinagwada pa kapeti n'kupemphera, ndipo lero ndimachita manyazi ndi chimene ndinkapempherera.

Mu nthawi yowonjezera Carlson anamenya field goal, Hopkins n'kubweza, 32-32. Raiders inatenga mpira komaliza n'kumayenda pang'onopang'ono, ikupatsa Josh Jacobs kuti azithamanga nawo, wotchi ikudya. Aliyense ankaona kuti palibe akufulumira. Inafika pa mayadi 39 a Chargers, mpata wachitatu, kukufunika mayadi 4. Kuchokera pamenepo field goal ndi yaitali kwambiri, yoti mphunzitsi wanzeru angaope kuiyesa, poti ikatchingidwa mdani angathe kuthawa nawo mpira. Ndalama ya amayi inali itatsala pang'ono kubwerera.

Kutatsala masekondi 38, Staley anaimitsa wotchi. Masewero atayambanso Jacobs anadutsa pakati pa otchinga n'kuyenda mayadi 10. Raiders inadikira mpaka kutatsala masekondi 2, Carlson n'kumenya kuchokera pa mayadi 47. Mpira unadutsa pakati pa mitengo. 35-32.

Mpaka lero anthu amatsutsana za timeout imeneyo. Staley anafotokoza kuti ankafuna kulowetsa osewera odziwa kutchinga othamanga ndi mpira. Ena amati akanangosiya wotchi, Raiders ikanakhutira ndi kulepherana. Kwa masabata angapo ndinali mmodzi wa anthu amenewa, ndipo ndinkamutchula Staley ndi mkwiyo ngati wandibera. Nditaonanso masewerowo mtima utakhala pansi, ndikuona kuti Raiders ikanathamangabe ndi mpira pa mpata umenewo, timeout kaya ayi, ndipo chimene chinagwetsa Chargers n'kulephera kumugwira Jacobs. Staley ankagwira ntchito yake. Za feteleza wa ku Ntcheu sankazidziwa, ndipo sanandiuze kuti ndibetche.

Gemu inatha cha m'ma 12 koloko usiku, ku Malawi kutacha kale. Uthenga wa mng'ono wanga unalowa: "Achimwene, mwadzuka bwanji? Ndalama ija tiyembekezere lero? Ndalankhula kale ndi wa njinga." Ndinayankha kuti ndatumiza koma makina akuchedwetsa. Pa zonse zimene ndinachita tsiku limenelo, bodza ili ndi limene limandipweteka kwambiri. Mnyamatayo anapalasa njinga kupita kwa ejenti kukafunsa, anabwerera chimanjamanja, mawa lake n'kupitanso. Amayi anamukalipira kuti mwina wapereka nambala yolakwika.

Mkazi wanga ndi amene anazindikira. Anaona kuti sindikudya, anaona kuti foni ikalira ndikutuluka panja kukuzizira chonchija. Anandikhazika pansi n'kufunsa, "Bambo, ndalama ya amayi ili kuti?" Ndinamuuza zonse. Sanakuwe. Anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anati, "Muwaimbire nokha, ine ndili pompano. Ndipo muyambe mwamupepesa mlamu wanga." Ndinaimba. Kufotokozera amayi kuti ndalama yapita chifukwa cha mpira wa ku Las Vegas kunali kosatheka, choncho ndinanena dzina lake lenileni la chinthucho, kuti ndinatchova juga. Amayi anafunsa ngati ndili ndi ngongole kwa anthu oopsa. Nditati ayi, anati, "Mwanawe, ukanangonena tsiku lomwelo, tikanagulitsa mbuzi."

Anali kunena zoona. Masiku amene ndinataya pobisa ndi amene anawononga munda kuposa ndalama yeniyeniyo. Ndinapita kwa msungichuma wa chipereganyu, mayi wachikulire amene amatitenga tonse ngati ana ake, n'kuulula pamaso pake. Mnzathu wina anavomera kundibwereka ya ulendo wake, ine n'kutenga mashifiti a usiku kuti ndimubwezere. Ndinafufuta mapulogalamu obetchera mu foni n'kulembetsa dzina pa m'ndandanda wa boma la Indiana wa anthu odziletsa okha kubetcha pa intaneti. Gulu linagwirizana kuti ndalama yanga ikamatuluka izipita m'manja mwa mkazi wanga, ndipo ndinavomera popanda kutsutsa.

Matimu amene analowa usiku umenewo sanapite patali. Sabata yotsatira Raiders inagonja 26-19 ku Cincinnati, Steelers n'kugonja 42-21 ku Kansas City pa gemu yomaliza ya quarterback wake, Ben Roethlisberger. Mu Malichi Colts inamugulitsa Wentz ku Washington. Mpirawu ndimaonerabe, chifukwa ndimaukonda ndithu, ndipo anzanga akandifunsa kuti timu yawo ikufunika chiyani ndimawauza. Akafunsa kuti ipambana ndani ndimati sindikudziwa.

Urea anafika ku Ntcheu chimanga chitayamba kale kumasula, masamba a m'munsi atachita chikasu. Mng'ono wanga anathirabe. Zimene anakolola zinatha mu Okutobala, ndipo kuyambira pamenepo mpaka zokolola zina ufa wa pakhomo pa amayi unali wogula.