Za fluoride: zomwe tauni ikukamba

Nkhani yafika pa WhatsApp, ndipo monga mwa masiku onse, yafika itavala malaya obwereka. Chenicheni nchakuti mu 2025 dera la Utah ku America lidaletsa kuthira fluoride m'madzi a m'mipopi, Florida nkutsatira. Zinazo tauni yadziwonjezera yokha.

Kondakitala wa minibasi ya ku Kawale wagamula kale mlandu. "Ndinkanena ine, mabwana! Azungu atulukira poizoni." Atafunsidwa kuti fluorideyo nchiyani, wayamba kuwerenga chenji.

Mumsika, mayi wa tomato akuti ndi WaterGuard yemweyu, angomusintha dzina. Mnzawo wa usipa wawakonza: uyo ndi klorini wopha tizilombo, pomwe fluoride amalimbitsa mano kuti asabooke. "Ali mu Colgate wanu yemweyo, asisi. Mumam'tsukira mkamwa m'mawa uliwonse."

Pabawo, aphunzitsi opuma aimitsa masewera kuti aphunzitse. Akuti mu 1901 dokotala wa mano, Frederick McKay, adapeza anthu a ku Colorado Springs ali ndi mano amathothomathotho koma ovuta kubooka. Chinsinsi chidapezeka m'madzi. Mu 1945 mzinda wa Grand Rapids udayamba kuthira dala fluoride, koma pang'ono. Lero ku America mlingo wake ndi mamiligalamu 0.7 pa lita, ndipo bungwe la WHO limati asapitirire 1.5. Pomwe amamaliza, mnzawo adali atawadyera nkhomo ziwiri.

Agogo a ku Nathenje angoseka chikhakhali. "Ana inu, kwathu satithirira munthu. Fluoride adatipatsa Namalenga, ndipo dzanja lidalemera." Akunenadi zoona: mijigo ina kumeneko imatulutsa wochuluka kuchokera m'miyala ya pansi, ndipo ana amakula ndi mano ofiirira. Kusukulu anzawo amawanena kuti satsuka mkamwa, chonsecho ngakhale atakwecha ndi mswachi mpaka dzuwa kulowa, mawangawo sachoka.

Mayi wa lesitilanti, akupakula nsima, waimanga nkhani yonse m'mawu ochepa: ndi mchere wa m'ndiwo basi. Ukachepa ndiwo sizikoma, ukachuluka ngakhale galu amazikana.

Wotsiriza kuyankhula ndi bambo wina wa ku Area 36, yemwe wakhala chete ndi zigubu ziwiri panjinga.

"Pepani akuluakulu, ine ndilibe mbali. Kwathu mpopi ukungotulutsa mphepo. Ayambe athiramo madzi, za fluoride tikambirana akafika."