Mmene Mungajambulire Vidiyo ya Mphindi Zitatu kwa Chaka Chathunthu

Wophunzira aliyense amene wasankha kujambula vidiyo ya nyimbo monga pulojekiti yake, kaya ali ku Chanco, ku MUBAS kapena ku Mzuni, ali pa chiopsezo chimodzi chachikulu: kumaliza msanga. Taganizirani manyazi ake. Anzanu akadali pikitipikiti ndi miyendo ya kamera pakati pa hositelo ndi chiwaya, inu mwapereka kale ntchito kwa alekichala, mwakhala phee pakhonde mukutafuna chinangwa. Angakutchuleni dairekita ndani? Malangizo awa ndi okutetezani ku tsoka limeneli. Mukawatsata mokhulupirika, nyimbo ya mphindi zitatu idzakupezerani chochita kuyambira mvula ya mu Malichi mpaka chilimwe cha mu Okutobala.

Choyamba, musalembe kanthu. Pali anthu ena amantha amene amatenga kope n'kulemba kuti pa vesi yoyamba woimba adzaima pakuti, kamera idzakhala mbali yakuti, adzavala zakutizakuti, ndipo dzuwa lidzakhala lili apo. Ena amafika pojambula timabokosi papepala, m'kati mwake muli tianthu ta miyendo ya timitengo, ati kuti aliyense aoneretu chithunzi chisanajambulidwe. Anthu otere amamaliza Loweruka limodzi, ndipo palibe amawakumbukira. Inu vidiyo ili m'mutu, ndipo m'mutu simulowa mbava. Wina akafunsa kuti tiyambira pati, muyankheni modekha kuti, "Tikaonera konko." Pa mawu awiri amenewa m'pamene pamamangidwa maulendo onse obwerera kukajambulanso.

Lengezani pa WhatsApp kuti tikumana 6 koloko m'mawa. Ndi nthawi yabwino zedi, chifukwa dzuwa likangotuluka kuwala kumabwera cham'mbali, kofewa, ndipo khungu limaoneka losalala ngakhale la munthu amene wachezera kuwerenga. Koma musade nkhawa, kuwala kumeneko simudzakuona. Pofika 8 koloko wojambula adzalemba kuti "ndili panjira," kutanthauza kuti sopo wamupeza, watsala n'kupeza ndowa. Woimba adzatulukira 10 koloko n'kukumbukira kuti nsapato zoyera zatsala kuchipinda. Kamera idzayatsidwa dzuwa lili paliwombo, pamene mthunzi wa chipumi umagwera m'maso, munthu n'kutsala ndi mabowo awiri akuda pankhope, thukuta likukokolola paudala kutsikira m'khosi. Zithunzi zimenezo sizigwira ntchito, choncho mwapeza kale ulendo wachiwiri tsiku loyamba lisanathe. Mukasankha kudikira kuwala kwa madzulo, dziwani kuti kwathu kuno dzuwa silichedwa n'kutsanzika. Mu Juni isanakwane n'komwe 6 koloko kunja kwada. Ndiye mkangano wa poimika kamera muuyambe cha m'ma 5.

Musakhutire ndi malo amodzi. Ngati muli ku Zomba, phiri likukuyang'anani, ndipo kulisiya ndi mwano. Konzani kuti vesi yoyamba ikhale pa damu la Mulunguzi, kolasi pa mathithi a Williams, vesi yachiwiri pa Emperor's View pomwe inaima mfumu ya ku Ethiopia Haile Selassie, kenako mutsike kukamalizira mumsika. Zonsezi tsiku limodzi, pa njinga zamoto ziwiri za kabaza, ndi ndalama ya thiransipoti imene theka mwagulira kale masitiroberi kwa ana a m'mbali mwa msewu. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, koma pusi sanaphunzire zaluso. Mupite nyengo ya chiperoni, Juni kapena Julayi, kuti pamene mumati kumbuyo kwa woimba kudzaoneka chigwa chonse, nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje, mukapeze nkhungu yokhayokha. Jambulanibe basi. Mudzabweranso kukacha bwino, ndipo theka la vesi lidzakhala mu nkhungu, theka lina padzuwa. Haile Selassie anaimapo malo n'kutenga dzina lake. Inu mudzaimapo mobwerezabwereza popanda ngakhale mwala wotchulidwa dzina lanu.

Mumsika musapemphe chilolezo kwa aliyense. Ingofikani n'kuimika woimba kutsogolo kwa benchi la mayi wa tomato amene tomato wake waunjikidwa mokongola. Mayiyo adzakulekani mufike pakati pa kolasi, ndiye adzadzuka n'kumanga chitenje bwinobwino, n'kufunsa kuti kodi ana inu, nkhope yangayi mukupita nayo kuti, ndipo ya Fanta ili kuti. Pamene mukukambirana, ana khumi adzakhala atafola kumbuyo kwa woimba, wina akubayibitsa, wina akuvina bwino kuposa ovina anu. Mwanayo simudzamuona tsiku limenelo. Mudzamuona pa laputopu.

Woimba amayenera kugwedeza milomo motsatira nyimbo imene inajambulidwa kale ku situdiyo, ndiye pamafunika sipika yomveka. Bwerekani kasipika kaja ka Bluetooth, koma musakatchaje. Kakafa, nyimbo izilira pa foni ya mnzanu amene waima patali kuopa kuoneka, makamaka pafupi ndi mathithi. Woimba aziimba za m'mutu. Munthu sasunga liwiro lenileni la nyimbo yake kwa mphindi zitatu popanda kuimva, ndiye pofika pakati milomo idzakhala itatsogola, mawu akuitsatira m'mbuyo. Akatswiri amawomba kathabwa ka ojambula mafilimu kaja, kapena kungowomba m'manja kamodzi kutsogolo kwa kamera, kuti woedita apeze polumikizira mawu ndi chithunzi. Inu kuwomba m'manja kusungireni tsiku loonetsa.

Musaiwale kachigawo koyenda pang'onopang'ono, kamene woimba amayenda mwaufumu jekete ikuuluka. Kuti milomo igwirizanebe ndi mawu, odziwa amajambula zithunzi 50 pa sekondi m'malo mwa 25, nyimbo n'kuithamangitsa kawiri, woimba n'kumaithamangira ndi pakamwa mawu ake akumveka a kamwana. Akachedwetsa poedita, zonse zimabwerera m'malo. Woimba wanu sangalole kuchita zopusa zotere atsikana akuona, ndipo inu musamukakamize. Jambulani mwa masiku onse, mukachedwetse pambuyo pake, pakamwa pazitsegukabe vesi itatha kalekale.

Chigawo cha usiku chijambuleni m'kalasi kapena m'kolido momwe muli mababu aatali akale aja. Magetsi athu ndi a 50 Hz, ndipo mababu otere amaphethira maulendo 100 pa sekondi. Diso siliona, koma foni imene inabwera itatcheredwa pa zithunzi 30 pa sekondi imaona, n'kukupatsani mizere yoyenda pankhope ya woimba. Mankhwala ake n'kuika pa 25, ntchito yoti mungaimalize madzi a tiyi asanawire. Musasinthe. Wina akafunsa za mizereyo, nenani kuti ndi sitayilo. Magetsi akazima muli pakati, malizitsani ndi matochi a mafoni, ina yoyera mbee, ina yachikasu, kuti woimba asinthe mtundu kutengera mbali imene watembenukira.

Zonse zimene tanenazi ndi kulima chabe. Zokolola zili pa tsiku lobwereza, ndipo chinsinsi chake n'kulichedwetsa. Musabwerere mawa lake zinthu zikadali momwe munazisiyira. Dikirani miyezi kuti dziko lisinthe, ndipo lidzasinthadi, chifukwa palibe chimene chinalonjeza kudikira vidiyo yanu. Udzu umene unali wobiriwira mu Malichi udzakhala wouma mu Ogasiti, ndipo mu Seputembala anyamata osaka mbewa adzakhala atauyatsa. Jakaranda amene anali masamba okhaokha adzakhala atavala maluwa apepo. Woimba adzabwera atameta, chifukwa wapeza malo a atachimenti ku banki ndipo amuuza kuti tsitsi limenelo ayi. Shati yofiira imene woimba anavala ija inali yobwereka, mwini wake wapita nayo kutchuthi ku Karonga. Mudzavundula kaunjika yense kufuna inzake, ndipo mudzaipeza, yofiiranso, koma ya mikono yaitali. Galimoto ya amalume imene woimba anatsamira pa vesi yoyamba yagulitsidwa. Akatswiri amasiya munthu mmodzi amene ntchito yake n'kujambula ndi foni zovala, tsitsi, wotchi ndi dzanja limene linanyamula duwa, kuti tsiku lobwereza chilichonse chibwerere pamalo pake. Inu munthu ameneyo munamutuma kukagula tchipisi.

Koma mphatso yoposa zonse ndi iyi: mtsikana wosewera m'vidiyo akhale chibwenzi chenicheni cha woimba. Woimbayo adzakupemphani yekha. "Amwene, tisavutike n'kusaka munthu, alipo kale, komanso salipitsa." Vomerani asanasinthe maganizo. Tsiku loyamba zidzayenda bwino moti mudzayamba kudzitama, poti kuyang'anana kwa awiriwo sikufuna dairekita. Kungoti chibwenzi cha pakoleji ndi vidiyo ya wophunzira sizikhala ndi moyo wofanana. Vidiyo ndiyo imakhalitsa. Pofika tsiku lobwereza, achemwali aja adzakhala atatuluka m'gulu la WhatsApp, atabuloka woimba, wojambula, ndi inu amene simunalakwe kanthu. Apa njira zilipo ziwiri, zonse zabwino. Mutha kutuma nthumwi, makamaka mnzawo wogona nawo chipinda chimodzi, ikapepese. Akalola kubwera, adzaima patali ndi woimba mpata woti ngolo n'kudutsa, nkhope ili ndwii, pa nyimbo yolonjeza chikondi chosatha. Apo ayi pezani msuweni wa munthu wina wofanana nawo msinkhu, mumuveke diresi lomwe lija ngati silinapite ndi mwini wake, n'kumujambula chakumbuyo kokhakokha. Oonera adzadabwa kuti mtsikana amene analowa m'kolasi ndi meshi akutulukamo bwanji ndi wigi, osaonetsanso nkhope mpaka nyimbo kutha. Auzeni kuti ndi fanizo la chikondi chimene chakufulatira. Alekichala ena amapereka malikisi pa zoterezi.

Ngati mwatsoka awiriwo akadali limodzi, kamera itha kuwasiyanitsa. Pakati pa anthu awiri oyang'anana pali mzere wosaoneka, ndipo odziwa sauwoloka. Mnyamata munamujambula muli mbali ino ya mzerewo. Tsiku lobwereza mtsikana mumujambule muli tsidya linalo. Mukalumikiza, onse awiri adzakhala akuyang'ana mbali imodzi ngati anthu odikira minibasi pasiteji.

Padzapezeka wina m'gulu wofuna kukusokonezani ndi mbiri. Adzati pamene wailesi ya kanema ya TVM inayamba kuulutsa mu 1999, oimba athu ankaima pa kapinga pafupi ndi maluwa, kamera imodzi, suti imodzi, ndipo nyimbo zinkafika m'makomo. Adzatchula a Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu, amene anaimba Linny Hoo ndi Patience Namadingo mu 2020 ali ndi zaka 90, kanema wa anthu awiri oimba moyandikana n'kudzazungulira dziko lonse pa TikTok. Wowerenga kwambiri adzabweretsa gulu la ku America la OK Go, limene mu 2006 linatulutsa vidiyo ya Here It Goes Again yovinira pa makina othamangirapo, kamera itaima malo amodzi osadula paliponse, ndipo adzakuuzani kuti anyamatawo anayeserera kwa masiku asanayambe kujambula. Tcherani khutu bwino: munthu ameneyu akufuna kukuphunzitsani kukonzekera. Mchotseni m'gulu. Inu mukufuna drone, ngakhale batire lake limatha musanagwirizane koilozetsa, ndipo ngakhale chimene imajambula kwenikweni ndi paliwombo pa woimba ndi madenga a dzimbiri.

Zojambula zonse zisungeni malo amodzi, makamaka pa memori khadi yomweyo imene mwini kamera akufuna kukajambulira ukwati Loweruka. Jambulani mu 4K, imene mphindi imodzi imatha kudya ma MB mazana angapo, kenako mukaeditire pa laputopu imene imayamba yapuma kaye isanatsegule Word. Ovina amene anajambula zina ndi mafoni awo akutumizireni pa WhatsApp mwachizolowezi, osati monga dokyumenti, kuti zifike zitafinyidwa, nkhope zili timabokosi. Ena anajambula foni itaima, za TikTok, ena itagona, za YouTube, chifukwa inu simunawauziretu. Pa vuto lililonse yankho ndi limodzi: "Tikazikonza poedita." Woedita ndi mnzanu wofatsa uja amene kuphiri sanapite n'komwe, amene munamulonjeza kuti dzina lake lidzaoneka kumapeto. Ndi iye adzatulukire, pakati pa usiku, kuti mzere wachitatu wa vesi yachiwiri palibe anaujambula pa maulendo onse aja. Aliyense ankaganiza kuti unajambulidwa ulendo wapitawo.

Bwererani kuphiri. Tsopano ndi Okutobala, mlengalenga muli fumbi ndi utsi wa moto wa m'tchire, Mulanje sakuonekanso bwino, ndipo mtengo wa kabaza wakwera. Jambulani mzere umodziwo, mutsike.

Fayilo yoyamba itchuleni "yomaliza," yotsatira "yomaliza yeniyeni," ndipo mukafika pa "yomaliza yeniyeni osasinthanso 4," itanani woimba adzaonere. Adzaonera mwachidwi, adzagwedeza mutu, adzati amwene mwagwira ntchito. Kenako adzatulutsa foni n'kukuuzani kuti miyezi yonseyi naye sanangokhala. Anabwerera ku situdiyo, pulodyusa wathamangitsako biti pang'ono kuti izivinika, ndipo vesi yachiwiri anailembanso chifukwa yakale ija inkatchula dzina la achemwali aja. Musakwiye. Mufunseni ngati shati ya mikono yaitali ija akadali nayo.