Izeki Wachizungu Afika ku Thyolo

Tsiku la malipiro m'maesiteti a tiyi ku Thyolo munthu amasintha mayendedwe. Yemwe Lolemba ankapatsa moni aliyense manja ali pachifuwa, lero akuyenda pakati pa msewu, wakabaza ndiye amupatukire. Kuchokera ku Satemwa, ku Makandi, kwa Conforzi ndi ku Naming'omba, anthu amatsikira m'misika ya pa Bvumbwe, paboma, pa Luchenza ndi pa Makwasa, aliyense dzanja lili m'thumba kusisita ndalama kuti isathawe. Wakatapila amakhala atafika kale pageti m'mawa, atavala jekete ngati akupita kukafunsira mbeta. Ikatsalako ina wakatapila, wagolosale ndi mayi wa kunyumba atatengapo zawo, imathera kuvidiyo.

Vidiyo yomwe tikunenayi ili kuseri kwa chigayo pamsika wina. Ndi nyumba ya malata akale, mazenera ake anatsekedwa ndi makatoni, ndipo sipika yake imakhala panja kuti ngakhale amene alibe K200 amve kuti zikumupita. Masiku onse mumaonetsedwa Rambo, Jet Li ndi mafilimu a ku Nigeria omasuliridwa kale m'Chichewa. Koma tsiku ili mphwake wa mwini vidiyo anabwera kuchokera ku Limbe ndi fulashi yokhala ndi filimu imodzi yokha, dzina lake One Night in the Tropics. Mwini vidiyo ataona chaka chake, 1940, anakumbukira za kusukulu kuti nthawi imeneyo dziko linali pankhondo yachiwiri. Anatenga choko n'kulemba pabolodi: YA NKHONDO. MIFUTI YOKHAYOKHA. OFOOKA MTIMA ASALOWE.

Nyumba inadzaza dzuwa lisanalowe. Kakhalidwe ka muvidiyo kali ndi malamulo ake osalembedwa. Kutsogolo, pampando wokhawo wokhala ndi chotsamira, pamakhala a kapitawo. Pambali pawo a kalaliki a pasikelo, cholembera chili m'thumba la malaya ngakhale mumdima. Othyola tiyi amapanikizana pamabenchi, ana pansi, ndipo pafupi ndi khomo pamakhala madala ena omwe anapuma paulonda, amene salipira chifukwa anamuona mwini vidiyo akukwawa. Panja, m'mabowo a malata, muli maso a ana ena amene amaonera filimu yonse ndi diso limodzi.

Chithunzi chitangotuluka panabuka phokoso.

"TV yafa iyi! Mtundu wapita kuti?"

"Bwezani ndalama zathu, achimwene!"

Mwini vidiyo anaimenya TV mbama ziwiri, koma anthu a m'katimo anakhalabe akuda ndi oyera. Madala a pakhomo anatsokomola. "Khalani pansi inu. Kanema weniweni ndi ameneyu. Enawa ndi zidole." Kamwana kena kanafunsa ngati kale dziko lonse linali lopanda mtundu, ndipo madala anayankha kuti inde, mitundu inabwera ndi matipate.

Vuto lachiwiri linali loti filimuyo inali isanamasuliridwe. Anaitana mnyamata wina amene analemba mayeso a Fomu 4 ndipo akudikirabe kuti dziko limuzindikire. Anamupatsa maiki n'kumulonjeza K2,000. Mnyamatayo anamvetsera kwa kanthawi, anafufuza pang'ono pafoni, kenaka anayamba kulongosola. Mwamuna uyu, Allan Jones, ndi wogulitsa inshuwalansi. Mnzakeyu, Robert Cummings, akufuna kukwatira mtsikana uyu, Nancy Kelly. Ndiye wainshuwalansi wamugulitsa mnzakeyo inshuwalansi ya chikondi: ukwati ukalephereka, alandira madola 1 miliyoni.

"Bwerezanso pamenepo," anatero mayi wa mandasi, amene analowa ndi beseni lake.

"Ukwati ukatha usanayambe, munthu amalipidwa, mayi."

"Kampani imeneyo itabwera kuno singafike Epulo." Amayi onse anaseka mogwirizana. Amadziwa za amuna obwera mu Disembala, mvula ikagwa tiyi n'kuphuka, ntchito n'kuchuluka. Amafika ndi kachikwama, amapeza banja sabata yomweyo, ndipo masamba akayamba kuchepa amanyamuka usiku osatsanzika ngakhale kwa apongozi. Abambo nawo anang'ung'udza kuti inshuwalansi yofunika kuno ndi ya mkamwini, amene atamanga nyumba ya njerwa zootcha kwawo kwa mkazi amatha kutulukamo ndi bulangete ndi wailesi basi.

Mkangano usanathe, wainshuwalansi uja, amene tsopano anali atayamba kumufuna yekha mtsikana wa mnzake uja, anatsegula pakamwa n'kuyamba kuimba.

"Wayamba bwanji kuimba? Amufunsa funso?"

"Nanga oimba zing'wenyeng'wenyewo abisala pati?"

"Mifuti ija ili kuti, achimwene?"

Umu ndi momwe Hollywood inkaphikira mafilimu oseketsa masiku amenewo. Eni makampani ankakhulupirira kuti munthu sangakhale ola ndi theka akungoseka, ayenera kupumira pa nyimbo ndi pa chikondi. Allan Jones yemweyu anagwiranso ntchito yomweyi m'mafilimu a Marx Brothers, A Night at the Opera mu 1935 ndi A Day at the Races mu 1937: anzake akaseketsa, iye aziimba. Nyimbo za mu One Night in the Tropics anapeka ndi Jerome Kern, katswiri wolemekezeka ku Broadway. Ku Thyolo ulemu wake unali wakuti nyimbo ikangoyamba, theka la abambo linkatuluka kukataya madzi kuseri kwa chigayo, ndipo mandasi ankayenda malonda. Mmodzi atadandaula kuti munthu wamutu wake sangaimbe pakati pa nkhani, mayi wa mandasi anamudula: "Inu simuimba m'munda dengu lili kumsana? Pamaliro simuimba? Mukaledzera ndiye mumatigonetsa?" Bamboyo anagula mandasi awiri kuti nkhani ithe.

Kenaka pachithunzi panatulukira amuna awiri. Wina wamtali, woonda, wa nkhope ya munthu wodziwa zonse. Wina wamfupi, wonenepa, wa mawu ang'ono ngati a mwana. Asanamalize n'komwe chiganizo choyamba, mwana wina pansi anakuwa: "Izeki!"

Nyumba yonse inavomera. Palibe ku Thyolo amene anafunika kumuuza kuti awiriwa ndi ndani pantchito yawo. Tinakula tikuonera Izeki ndi Jakobo, John Nyanga ndi Eric Mabedi a gulu la zisudzo la Kwathu, m'maholo a sukulu ndi pa TVM itatsegulidwa mu 1999. Jakobo ankalongosola zinthu mwaulemu ngati munthu wopita kusukulu, Izeki n'kuzimva mwa njira yakeyake mpaka wanzeru uja mutu kuzungulira. Nyanga anatisiya mu 2016, Mabedi mu 2021, koma mpaka lero anthu awiri akamakangana pa nkhani yopanda mutu pamsika, wina amanena kuti asiyeni, ndi Izeki ndi Jakobo.

A kapitawo anagamula mlandu nthawi yomweyo. "Azunguwa anaba sewero la anyamata athu."

A kalaliki anatulutsa cholembera. Anati womasulira wanena kuti awa ndi Bud Abbott ndi Lou Costello, anayamba kuchitira limodzi zisudzo mu 1936, anatchuka pawailesi mu 1938, ndipo iyi ndi filimu yawo yoyamba, ya 1940. Nyanga ndi Mabedi nthawi imeneyo anali asanabadwe.

"Ndiye kuti anaberatu," anatero a kapitawo. Panalibe wotsutsa, poti mawa ndi a kapitawo omwewo ogawa mizere.

Awiri a mufilimu aja anayamba ndi kusinthana ndalama. Wamtali ankapempha chenji mwaulemu, ndipo nthawi iliyonse ndalama zikasinthana manja wamfupi ankatsala ndi zochepa, osadziwa kuti zapita pati. Kondakitala wina wa minibasi za ku Limbe anaimirira n'kuvula chipewa. Anati sanaganizepo kuti ntchito yawo ili ndi makolo.

Koma chimene chinagwedeza nyumba ndi pamene wamtali anachotsa ntchito wamfupi. Wamfupi anati chabwino, ndipatseni zanga za chaka chonse: dola imodzi patsiku, madola 365. Wamtali sanakane. Anangofunsa kuti kodi patsiku umagwira maola angati. Asanu ndi atatu okha? Ndiye kuti magawo awiri mwa atatu a chaka sunagwire, tichotse. Lamulungu sugwira, tichotse. Loweruka umaweruka masana, tichotse. Tchuthi unapita, nkhomaliro unkadya, masiku a chikondwerero unkakhala kunyumba. Womasulira ankatsatira masamuwo mokweza, ndipo madola 365 anasungunuka anthu akuona mpaka kutsala dola imodzi.

Poyamba kunali zii. Kenaka mayi wina kumbuyo anaphulika kuseka, benchi yonse n'kutsatira, ndipo mitu yonse inatembenukira kwa a kalaliki. Aliyense muja anaimapo pasikelo m'mawa wa mvula, dengu lodzaza bwino, n'kumva kuti tichotsepo za madzi, tichotsepo za dengu, tichotsepo masamba okhwima. Aliyense anaonapo kapepala ka malipiro kamene mzere wa zochotsa ndi wautali kuposa wa zolandira. A kalaliki anayesa kufotokoza kuti masamu a mzunguyo ndi abodza, wachotsa maola omwewo kawiri, pamene a pasikelo ndi ovomerezeka. "Mwawazindikira msanga bwanji, bwana?" anafunsa wina mumdima. Cholembera chinabwerera m'thumba.

Madala a pakhomo anati zonsezi si zachilendo. Ali mwana, galimoto ya boma inkabwera pabwalo ndi jenereta, n'kupachika chinsalu choyera pamitengo. Anali masiku a Central African Film Unit, imene kuyambira 1948 mpaka 1963 inkapanga akanema ophunzitsa anthu akuda a ku Nyasaland ndi ku Rhodesia. Kawirikawiri munkakhala anthu awiri: wanzeru womvera alangizi ndi kusunga ndalama ku positi ofesi, ndi wopusa wothera zake ku mowa. "Ankafuna titengere wanzeruyo," anatero madala. "Koma ife pobwerera kunyumba tinkayeserera mayendedwe a wopusayo. Wanzeru dzina lake sitinkalikumbuka n'komwe."

Ku Hollywood zinayendanso choncho. Kampani ya Universal inawatenga Abbott ndi Costello ngati aganyu. M'nkhanimo ndi anyamata chabe a mwini malo achisangalalo, otumidwa kukaonetsetsa kuti ukwati uchitike kuti bwana wawo asaluze ndalama pa inshuwalansi ija. Mayina akuluakulu anali a oimba ndi okondana aja. Koma anthu potuluka ankakamba za aganyuwo, ndipo chaka chotsatira, 1941, kampaniyo inawapatsa filimu yawoyawo, Buck Privates, imene inapanga ndalama zankhaninkhani. Lero amene amaifunafuna One Night in the Tropics amaifunira awiriwo.

Ife a ku Thyolo izi sizitidabwitsa, poti mwambo uliwonse kuno umalandidwa ndi amene anangoitanidwa kudzathandiza. Paukwati, mkwati ndi mkwatibwi amakhala duu ngati akudikira chigamulo, pamene wolengeza perekaniperekani wagwira maiki maola anayi. Kutchalitchi mlaliki wachilendo amanena mawu atatu, womasulira n'kunena khumi ndi awiri, kuphatikizapo maganizo ake pa za kwaya ya amayi. Pamaliro, woimira mbali ya kuchimuna amayamba ndi kunena kuti sachulutsa mawu, ndipo adzukulu amafika pokhala pansi pa makasu awo. Ukafuna kuonana ndi bwana wamkulu kuofesi, dziwa kuti mwini ofesi weniweni ndi mlonda wa pageti.

Womasulira anawonjezera kankhani kena komwe anakapeza pafoni: poyamba awiriwa akalandira ndalama, wamtali ankatenga 60 pa 100 iliyonse, wamfupi 40, chifukwa m'zisudzo za kumeneko wofunsa mafunso ankaonedwa kuti ndiye mmisiri. Patapita zaka wamfupi anakwiya mpaka anazitembenuza. Apa nyumba inagawikana. Ena anati n'zoona, womenyedwa mbama ndi kugwa pansi ndiye alandire zambiri. A kapitawo anati ayi, kuloza ntchito n'kovuta kuposa kuigwira. Chodabwitsa n'chakuti pa anthu onse amene ankaikira kumbuyo wamfupi, panalibe ndi mmodzi yemwe wovomera kuti iyeyo ndi Izeki. Aliyense ankaloza mlamu wake.

Filimu inatha popanda nkhondo yolonjezedwa ija, koma palibe anafunsa zobweza ndalama. Anthu atatuluka, womasulira anatambasula dzanja kuti alandire K2,000 yake. Mwini vidiyo, amene filimu yonse anakhala chete akumvetsera mwachidwi, anatenga choko n'kupita pabolodi.

"Mphwanga, tiwerengere limodzi. Pamene ankaimba nyimbo, unkamasulira?"

"Ayi, ankolo, koma..."

"Tichotse. Pamene anthu ankaseka unkangoima. Tichotse. Pamene madala ankakamba za kale, maiki inali m'manja mwako koma osagwira ntchito. Tichotse. Mandasi awiri unadya. Komanso filimu waonera, ndipo kuonera ndi K200."

Mnyamatayo anapita kwawo ndi K300. Sanakangane, anathokoza mwaulemu monga mwana woleredwa bwino. Mawa lake kunabwera filimu ya Rambo yosamasulira, ndipo anamuitananso. Nyumba ili yodzaza, sipika ya panja ili pamwamba, Rambo anatuluka m'matope, anayang'ana adani ake ndi maso ofiira, ndipo msika wonse unamumva akunena m'Chichewa chomveka bwino kuti sachoka m'nkhalango muno mpaka mwini vidiyo ya kuseri kwa chigayo abweze K1,700 ya mwana wa eni ake.