Tiyi wa Mafuko Awiri ku Mangalande

Pamene tinali anyamata, tikuona azungu akutsika m'galimoto pa Zomba ndi pa Blantyre, masokosi ofika m'maondo ndi zipewa zili kumutu, tinkayesa kuti onsewo ndi ana a mimba imodzi, ndi kuti kwawoko munthu aliyense amabadwa ali kale bwana, khukhi wake akumudikira pakhomo. Koma nditaoloka ndekha nyanja yamchere m'zaka za m'ma 1960, ndi kukhala pakati pawo nyengo zitatu za chisanu, ndinapeza kuti pachilumba chija pali mafuko awiri, ogwadira mfumukazi imodzi ndi kudandaula za mvula imodzimodzi, amene lina likangomva linzake likutsegula pakamwa, limadziwa pomwepo ntchito imene agogo ake ankagwira.

Ndinafikira mumzinda wa Nottingham, kumene kunkachokera njinga za Raleigh zimene aphunzitsi akwathu ankakwera monyadira, m'nyumba ya njerwa zofiira yogwirana khoma ndi zinzake, zonse zofanana ngati mano a chipeso, kotero kuti sabata yoyamba ndinagogoda kawiri pamakomo a eni. Mayi wa m'nyumbamo, ntchembere yojintcha, yolankhula ngati ikuitana munthu wa kutsidya kwa dambo, atanditsegulira anati, "Lowa msanga, bakha wanga, ukutulutsa moto!" Ine amene ndinali nditaphunzitsa kale sukulu zaka zisanu, ndi kutchedwa aphunzitsi ngakhale ndi apongozi anga, ndinaima pakhomo ndikudziyang'ana kumapazi, kuti kapena mayendedwe anga ndiwo andipereka. Patapita masiku ndinazindikira kuti m'dera limenelo aliyense ndi bakha: kondakitala wa basi amatero kwa gogo, gogo amatero kwa wapolisi, ndipo chimphona chokumba malasha chimatero kwa chimphona chinzake popanda wotulutsa chibakera.

Mayi ameneyu m'mawa uliwonse ankagwada pakhomo kukwecha mwala wopondera polowa, osati chifukwa unali wakuda, koma chifukwa amayi a nyumba zoyandikana anali kusuzumira kuseri kwa makatani, ndipo chiweruzo chawo chinali chosachitira apilo. Chipinda chabwino koposa, cha kumaso, chokhala ndi mbale zamaluwa ndi chithunzi cha mfumukazi, chinali chotseka chaka chonse. Ankalowamo m'busa akadza kudzacheza, ndiponso mwini nyumba tsiku limene wagona m'bokosi. Ife amoyo tinkapanikizana kukhitchini. Chimbudzi chinali panja, kumapeto kwa kabwalo, monga kwathu, kungosiyana kuti kwathu madzi sasanduka mwala usiku.

Bambo wa m'nyumbamo, wopanga njinga, anali munthu wosunga mawu ngati mbewu ya chaka cha njala. Kwa mkazi wake ankalankhula mawu anayi patsiku, kwa nkhunda zake makumi anayi. Loweruka madzulo, wailesi ikamawerenga zotsatira za mpira, nyumba yonse inkakhala chete ngati m'kachisi, iye ali ndi pensulo ndi pepala lake la mpikisano, kudikira chuma chimene chinali kudza sabata yamawa kuyambira asanakwatire. Ndiye anandiphunzitsa chilamulo cha kumowa: kuti mukakhala asanu aliyense agulire onse asanu pa nthawi yake, ndi kuti munthu amene chikhodzodzo chake chimadzaza pamene nthawi yake yogula yakwana, dzina lake limakumbukiridwa monga la uja sapereka ufa pamaliro.

Koma nkhani yanga ndi ya tiyi. Tsiku loyamba mayi anandiuza kuti tiyi ndi 5 koloko, ndipo ine, podziwa kuti tiyi ndi madzi, ndinayamba ndadzaza mimba ndi nsomba ndi tchipisi zokulunga m'nyuzipepala kutauni. Pofika, taonani, patebulo pali masoseji, mbatatesi, nyemba, mazira, buledi wopaka batala, ndi tiyi wakuda woti supuni n'kuimamo chilili. Safunsa anadya phula. Ine ndinadya kawiri, mayi ataima pambali ngati msilikali kuti ndisasiye kanthu. Pamenepo ndinalemba mumtima mwanga kuti ku Mangalande tiyi ndiye nsima.

Tsono kunali kuti, chaka chachiwiri, bungwe lina losamalira ophunzira akunja linanditumizira khadi londiitana kukamwa tiyi 4 koloko kumudzi, kunyumba ya mmodzi wa aja otchedwa Lord. Ndinasala kudya kuyambira m'bandakucha, ndi kumasula lamba bowo limodzi pokonzekera, pakuti ndinati, ngati wopanga njinga tiyi wake ali wotere, nanga wa mwini dziko adzakhala wotani? Dzina la nyumbayo sindilitchula, ndipo ngakhale ndikanafuna sindikanatha, chifukwa fuko limeneli lili ndi mwambo wolemba zilembo zambiri ndi kutchula zochepa, kuti mlendo adziwike msanga: nyumba yaikulu ya Belvoir, yomwe siili kutali ndi Nottingham, amaitchula Biva, ndipo banja la Cholmondeley limadzitcha Chamuli, zilembo zinazo kungozisunga monga amasungira siliva wa makolo.

Nditatsika basi ndi kuyenda mtunda wautali pakati pa mitengo, ndinakumana ndi nkhalamba ina yovala jekete lothothoka, lazigamba m'zigongono, nsapato zili matope okhaokha, agalu atatu akuitsata. Ndinaipatsa moni monga ayenera munthu wantchito wokalamba, ndipo poona kuti yandinyamulira chikwama mpaka pakhonde, ndinaiika sikisi m'manja. Inayang'ana ndalamayo, inathokoza, n'kuiponya m'thumba. Chitseko chitatseguka, panaima mwamuna wamtali wa suti yakuda, wa nkhope ya woweruza milandu, wolankhula Chingerezi chosalala ngati cha pa BBC. Ndinavula chipewa, ndinawerama, ndipo manja anga, okumbukira kwawo, anaomba okha katatu. Iyeyo anali kapitawo wa antchito a m'nyumba. Mwini nyumba anali uja wa sikisi yanga, ndipo kufikira lero sanabweze.

Za m'katimo ndinganene kuti chikomekome cha mkuyu. Zipinda zinali zoti mudzi wathu wonse n'kugonamo ndi mbuzi zomwe, makolo a mibadwo khumi akuyang'ana pakhoma ndi mphuno imodzimodzi; koma mphepo inali kuyenda m'makonde mwaufulu ngati mwana wa m'nyumba, ndipo pansi pa denga panali ndowa zolandira mvula, zoikidwa mwadongosolo losonyeza kuti zinakhalapo kuyambira kale. Madenga amenewa ndiwo anasautsa fuko lonseli itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, misonkho ya chuma cha masiye itakwera, kotero kuti mwini nyumba ya Longleat, Marquess wa ku Bath, anayamba mu 1949 kulowetsa anthu wamba pa mtengo kuti aone pogona makolo ake, ndipo mu 1966 anaika mikango m'munda mwake kuti makobiri achuluke. Kwathu mkango ukafika pamudzi timaimba ng'oma ndi kusonkha moto. Kumeneko umafolera nyumba.

Mipando yabwino yonse inali ndi agalu, ndipo ine ndinakhala pa umene galu wina anaukana. Pamenepo tiyi anafika. Anali madzi ofiirira pang'ono m'kapu yopyapyala ngati chikamba cha dzira, ndi timabuledi tinayi todula makona atatu, topanda khungu, m'kati mwake muli nkhaka yosenga mochepa kwakuti munthu n'kuwerengera nyuzipepala kupyolera m'menemo. Ndinathira mkaka poyamba monga anandiphunzitsira mayi wa ku Nottingham, ndipo dona wa m'nyumbamo anakweza nsidze imodzi pang'ono chabe, ndiko kukuwa kwa fuko limenelo. Anandifunsa kumene ndichokera. Nditati ku Malawi, kumene kale kunali Nyasaland, anakondwa kwambiri, nati ali ndi msuweni ku Kenya, kapena ndimamudziwa. Zitatero nkhani inabwerera kwa mahatchi, kumene inakhala kufikira ndinatsazika, mimba yanga ikuyankha mafunso amene sanafunsidwe kwa iyo.

Ndili m'basi yobwerera ndinasinkhasinkha kuti anyani amasekana zikundu, pakuti nkhalamba ziwiri zija, ya nkhunda ndi ya agalu, zikanakhala pa benchi limodzi palibe akanazisiyanitsa. Onse awiri avala jekete la atate awo, wina posowa ndalama, wina posafuna kuitulutsa. Onse awiri amatukwana momasuka, amakonda ziweto kuposa alamu awo, ndipo Loweruka mitima yawo ili pa hatchi imodzi, wina ali mwini wake, wina ataikapo sheleni yolipirira gasi wa m'nyumba. Wovutika ndi wapakati, kalaliki wa kubanki wa kanyumba kokhala ndi dzina m'malo mwa nambala, amene mapanga awiri amamuvumbwitsa. Mu 1954 Pulofesa Alan Ross wa ku Birmingham analemba mndandanda wa mawu osiyanitsa apamwamba ndi ena onse, wolemba mabuku Nancy Mitford n'kuufalitsa chaka chotsatira, ndipo kunapezeka kuti mawu onse aulemu amene wapakatiyu anawaphunzira ndi thukuta ndiwo omupereka: iye akapanda kumva amati "pardon" mwaulemu wonse, pamene Lord ndi wokumba malasha onse awiri amangoti "what", monga munthu woitanidwa ali kumunda.

Ndinafika kunyumba mdima utagwa, mawondo akugundana. Mayi anandiyang'ana kamodzi, nati, "Akudyetsa chiyani kumeneko, bakha wanga?" Nditafotokoza za nkhaka, ndi ndowa, ndi mphepo ya m'makonde, anapukusa mutu ndi chisoni chenicheni, nati, "Amphawi inu, alibe ndi moto womwe," uku akuika chiwaya pachitofu. Bambo, amene sanandifunsepo kanthu chifikire, anatsitsa nyuzipepala, nafunsa ngati mkuluyo anatchulapo hatchi ina iliyonse. Ndinakumbukira dzina limodzi limene linatamandidwa kwambiri pa tiyi, ndipo Loweruka lotsatira bamboyo anaikapo masheleni awiri, ine ndinaikapo sikisi, kuti kapena ibwerere njira imene inzake inapita. Hatchiyo inafika yachisanu ndi chiwiri.