Mlendo Woleredwa Bwino

Chiyambire pa 18 Malichi 2020, pamene boma lidalengeza kuti matenda a korona alowa m'Zambia, ife a ku Chilenje, amene sitidaphunzire zachipatala, tidakhala tikuzizwa ndi ulemu wa mlendo ameneyu. M'tchalitchi, mmene akulu a mpingo ankatikhazika motalikirana mita imodzi, ndi pakhomo pa sitolo, pamene mlonda ankatiloza pamphumi ndi choyezera kutentha natithira mankhwala m'manja, iye adali woopsa ndithu. Koma tikangokwera minibasi ya ku Kulima Tower, anayi pampando umodzi, ndalama n'kumadutsa m'manja mwa anthu asanu isanamufike kondakitala, mlendoyu ankatsala pasiteji, kapena poti adalibe yolipira. Zinkaonekanso kuti ankayenda limodzi ndi apolisi, pakuti kansalu kotseka kukamwa, kamene tsiku lonse kankafunditsa chibwano, kankakwera kumphuno tikaona yunifolomu, nikatsikanso tikangopitirira.

Makolo adati mlendo ndi mame, ndipo sitidafune kuti akatinene kwawo kuti tidamutsekera khomo. Tiyamike Mulungu, abale, kuti matendawa ankasunga malamulo kuposa ife tonse.