Mlandu Suola, Makamaka Ukakhala wa Boma

Makolo athu ponena kuti mlandu suola ankaopseza wakuba mbuzi wothawira ku Joni, kuti ngakhale adzabwere ndi imvi, bwalo lidzamudikira. Sankadziwa kuti mwambiwu udzalembedwa ntchito ku Britain, mu unduna wa zantchito ndi penshoni, DWP, komwe milandu amaisunga m'kompyuta mosafika chiswe.

Tatengani nkhani ya Carer's Allowance, kandalama kamene boma limapatsa munthu wodwazika mnzake maola 35 kapena kuposa pa sabata. Mu 2024 kanali £81.90 pa sabata, ndipo wodwazikayo ankaloledwa kugwirako ntchito ina bola malipiro asapitirire £151. Ndiye bwana akupemphe kuti utsalire kaola kamodzi poti mnzako sanabwere, malipiro n'kupitirira ndi paundi imodzi. Inu mukuganiza kuti aboma adula paundiyo? Ayi ndithu, akufuna £81.90 yonse. Zikachitika chaka chathunthu, mapaundi 52 amene unaonjezera abereka ngongole ya £4,258.80. Ngakhale wakatapila wapamsika angachite manyazi kutchula chiwongoladzanja chotere.

Choseketsa, kwa amene ali ndi mtima woseka zoterezi, n'chakuti amsonkho a HMRC ankatumiza uthenga ku DWP munthu akapitirira malire. Mauthenga ambiri ankangounjikana osawaona, ndalama n'kumalowabe mu akaunti. Zaka zitapita, envelopu yakhaki ya DWP ndi iyo pakhomo, mkati muli chiwerengero chochititsa chizungulire ndi mawu aulemu kwambiri. Ndalamazo zinapita kalekale ku magetsi ndi matewera a agogo, mwinanso agogowo anatisiya.

Pamenepo sipalephera kutulukira loya wapamowa. "Achimwene, musadandaule, ngongole ikatha zaka 6 imafa yokha." Ku England lamulo la 1980 limatsekadi khomo lakukhoti zaka zimenezi zikadutsa, koma DWP khoti salifuna n'komwe. Amadula pa chithandizo china chimene ukulandira. Amalembera bwana wako kuti azitapa pa malipiro. Akapanda kukupeza apo, akudikira pa penshoni, ndipo ukatsikira kuli chete kalata imapita kwa woyang'anira chuma chamasiye. Wakuba mbuzi uja zake zinkathera pamanda.

Chimene chimandinyansa ine n'kukondera kwake. Mlandu wawo suola, koma wako, wodandaula kuti awerengera molakwa, amaupatsa mwezi umodzi basi. Ukachedwa, uyenera kufotokoza bwinobwino chimene chinakuchedwetsa. Iwo pochedwa zaka zonsezo sanafotokozere munthu. Pabwalo la amfumu, woona mbuzi ikulowa m'munda n'kukhala chete mpaka chimanga chithe, naye ankafunsidwa.

Anthu atalira mokweza, boma linasankha Liz Sayce kuti afufuze nkhaniyi, ndipo mu Epulo 2025 malire aja anakwera kufika £196. Phompho lotayitsa ndalama yonse chifukwa cha paundi imodzi analisuntha chabe, silinakwiriridwe.

Tsono abale athu a ku Manchester, Leeds ndi kwina konse, amene mapepala anu amakulolani kulandira chithandizo chotere, envelopu yakhaki musamaibise pansi pa matiresi. Itseguleni tsiku lomwelo, funsani kuti akuonetseni mmene awerengera sabata ndi sabata, sungani mapepala onse a malipiro, ndipo thamangirani ku Citizens Advice mwezi usanathe. Ngati ngongoleyo ndi yoona, pemphani kubweza pang'onopang'ono, poti zimenezo amalola.