Wa pachala ngwamphepo

Agogo anga aakazi ankakoka fodya wa m'mphuno, ndipo kachitini kawo kankagona m'chikwama chimodzi ndi buku la nyimbo, kuti akulu a mpingo akati afufuze ayambe aona zopatulika. Ndiwo anandiphunzitsa kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo. Kwa iwo sunali mwambi chabe. Ukatsina fodya n'kuyamba kucheza, kamphepo ka mu Ogasiti kamakukokera, iwe n'kutsala ukununkhiza chala.

Mawu amenewa anandibwerera Lamulungu lina m'tchalitchi pano pa boma la Lundazi, abusa atati titsegule Habakuku. Achinyamata onse anasolola mafoni. Masiku ano Baibulo lili pachala penipeni: ukangokhudza, mneneri uyo. Koma mphepo ya m'foni imaposa ya mu Ogasiti. Mnyamata amene ndinakhala naye pa benchi anapeza Habakuku ine ndisanapeze n'komwe magalasi. Kenaka pamwamba panatulukira uthenga wa WhatsApp, chala chinaterereka, ndipo pamene abusa ankamaliza kuwerenga, mnzangayo n'kuti akuona mmene Arsenal yasewerera dzulo lake. Anavomera "Ameni" mwamphamvu ndithu, kaya ankavomera chigoli.

Ndinati ndimuseke, koma ine wa Baibulo la mapepala zanga zinaipa kuposa. Pofunafuna Habakuku ndinapeza risiti ya feteleza, khadi la kusikelo la mwana amene pano ali ku sekondale, ndi K20 imene ndinakangana nayo ndi mayi a kunyumba chaka chatha, ine ndikulumbira kuti anatenga ndi iwo. Ndalama ndinaibisa pamalo abwino zedi, poti ngakhale mwini wake sankafikako. M'nyumba mwathu amene wayenda m'buku limeneli kuchokera ku Genesis mpaka ku Chivumbulutso ndi mphemvu.

Chonamizira tilibe. William Murray ndi anzake anavutika zaka zambiri kumasulira, mpaka Buku Lopatulika linatuluka mu 1922. Achitumbuka analandira lawo lathunthu mu 1957, ndipo odandaula kuti Chichewa cha makolo n'chovuta anapatsidwa Buku Loyera mu 1998. Kuno timamva zinenero zonse ziwiri, Chingerezi n'chowonjezera. Sinodi ya CCAP ya Zambia inabadwira konkuno mu 1984, ndipo abusa amaphunzira pa Chasefu pomwepa. Fodya ngwambiri, zala zadzaza. Koma Baibulo talisandutsa Castle Hotel, nyumba yachifumu ija imene DC Errol Button anamangitsa: mlendo aliyense timamulozera monyadira, eni akefe kulowamo ayi.

Mwezi wa Januwale uliwonse ndinkalumbira kuti chaka chino ndimaliza. Masamu ake ngosavuta. Mitu yonse ndi 1,189 m'mabuku 66 (anzathu a Katolika ali ndi oonjezera, Mulungu awapatse mphamvu). Mitu itatu patsiku, isanu Lamulungu, chaka chikamatha wamaliza. Genesis amakoma ngati nthano za pamoto: abale kugulitsana, mkamwini kugwirira ntchito mkazi zaka zisanu ndi ziwiri n'kupatsidwa wina usiku. Eksodo naye amayenda. Koma mitu 90 imeneyo ikatha, Febuluwale wayandikira, udzu wakwiya m'munda wa soya, ndipo ndafika pa Levitiko. Munthu wabwera kopalira msana ukuwawa, nyali yasola ikuzilala, ndiye aziwerenga za mafuta a nsembe ndi mmene wansembe amayezera nthenda ya pakhungu? Manda a malumbiro anga onse ali pa Levitiko 13. Ndaikapo zaka zisanu ndi chimodzi, motsatana bwinobwino.

Agogo aja sankadziwa kuwerenga. Ankakhala kutsogolo, n'kutsina ndime imodzi pa zimene abusa awerenga, n'kuikoka yonse isanauluke. Ndipo ankati fodya weniweni umamdziwa poyetsemula. Ndinazimvetsa mochedwa. Nditasiya zothamangira kumaliza, ndinayamba Miyambo, imene ili ndi mitu 31, mutu umodzi pa deti lililonse. Pa 11 ndinakumana ndi nkhani ya sikelo yonyenga. Ndinasekerera, ndikuganiza za mavenda ogula soya ndi mtedza, mpaka nditakumbukira kuti inenso ndinawazapo madzi m'thonje kuti lilemere. Ndinayetsemula. Pa 26 pali za munthu wolowerera ndewu ya eni, ndipo tsiku lomwelo n'kuti ndalemba kale ndime zitatu m'gulu la WhatsApp la banja la akazi anga, pa mlandu wa ng'ombe zimene sindinazionepo. Ndinafufuta, koma apongozi anali atawerenga.

Ndime zimene timatumizirana m'mawa, zokhala ndi maluwa ndi nkhunda, sizitiyetsemulitsa. Timangokankhira kwa wina tisanawerenge, iyenso kwa wina, mpaka imabwerera kwa ife madzulo ili yatsopano, palibe waikoka.

K20 ija ndinakaipereka kwa mayi a kunyumba pamodzi ndi kupepesa. Anailandira ndi manja awiri, n'kundifunsa kuti kodi Habakuku ndinampeza. Inu amene mukuseka, musanagwire foni, tanenani ali pati. Ali pakati pa Nahumu ndi Zefaniya, mitu itatu yokha, ndipo nsima isanapse mukhala mutamaliza.